Munthu Amene Chikwapu Sichimuphunzitsa

M'chaka cha 1995 amayi ambiri a m'makomboni ozungulira Johannesburg ndi Pretoria ankalawirira m'mamawa kukasaka ntchito. Boma la tsankho linali litangogwa kumene, chiyembekezo chinali chachikulu, koma ntchito zinali zosowa. Ena mwa amayiwa ankakumana ndi bambo wina wooneka bwino, wovala mwaudongo, wa pakamwa pozuna. Ankawauza kuti ali ndi bungwe lolimbana ndi nkhanza, dzina lake Youth Against Human Abuse, ndipo akufuna anthu oti awalembe ntchito. Ankapangana nawo tsiku, masanasana, n'kuwauza kuti ofesi si patali, angodzera njira yachidule ya m'thengo. Kuthengoko ankawagwiririra n'kuwapha powamanga pakhosi ndi zovala zawo zomwe.

Bamboyo anali Moses Sithole. Mu September chaka chomwecho apolisi anapeza mitembo yambiri pamalo amodzi pafupi ndi mgodi wina ku Boksburg, moti Nelson Mandela anapita kuderalo kukapempha anthu kuti athandize apolisi. Apolisiwo ali kalikiliki kumusaka, iye anaimbira foni nyuzipepala ya The Star n'kucheza ndi mtolankhani mtima uli m'malo, kumulozera kumene kunali mitembo ina. Anagwidwa mu October 1995. Mu December 1997 khoti linamupeza wolakwa pa milandu 38 yakupha ndi 40 yogwiririra, ndipo linamugamula kuti akakhale kundende zaka 2,410.

Womva nkhaniyi amathamangira kunena kuti munthuyu mutu wake sunkayenda bwino. Komatu wamisala amene timamudziwa tonse sapangana nawe tsiku n'kulisunga. Sapeka dzina la bungwe logwirizana ndendende ndi zimene mayi wosowa ntchito akulakalaka kumva. Sadziwa nthawi yomwetulira ndi nthawi yobisala. Apa nzeru zinalipo zonse, chosowa chinali china. Matenda a munthu sayezedwa powerenga nyuzipepala, ndipo pano si khoti lachiwiri la Sithole, koma nkhani yake ikutiika pamaso pa funso limene lazunguza madokotala kwa zaka zoposa 200: munthu woganiza bwinobwino angakhale bwanji wopandiratu chikumbumtima? Khalidweli akatswiri amalitchula kuti psychopathy, ndipo mwini wake amati psychopath. Tineneretu kuti ambiri mwa anthu oterewa sapha munthu moyo wawo wonse. Amawononga m'njira zina zosakhetsa magazi.

Woyamba kulemba za vutoli mwadongosolo anali Philippe Pinel, dokotala wa odwala misala ku Paris. Mu 1801 anafotokoza za anthu ena ochita zankhanza zoopsa pamene maganizo awo anali osasokonekera ngakhale pang'ono. Koma chithunzi chimene akatswiri akugwiritsabe ntchito lero chinachokera kwa Hervey Cleckley, dokotala wa ku Augusta m'chigawo cha Georgia ku America, yemwe mu 1941 anatulutsa buku lotchedwa The Mask of Sanity. Anthu amene Cleckley ankawaona sanali zigawenga zodziwika. Anali anthu ochezeka, anthabwala, oti ukakhala nawo kanthawi umadabwa kuti kuchipatala akutani. Akatuluka, sabata isanathe aba galimoto, alemba cheke chabodza, akwatira mkazi wina n'kumuthawa, amwa mowa n'kuchita zochititsa manyazi pagulu. Akagwidwa ankapepesa ndi mawu osankhidwa bwino, achibale n'kukhulupirira, mawa lake n'kubwereza zomwezo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Sikelo ya Hare

Cleckley anafotokoza, koma amene anapeza njira yoyezera ndi Robert Hare wa ku Canada. Hare anayamba ntchito mu 1960 pandende ina yaikulu ya m'chigawo cha British Columbia, ndipo iye mwini analemba mmene mkaidi woyamba kulowa mu ofesi mwake anamupusitsira kwa miyezi. Atapita kukaphunzitsa pa yunivesite ya British Columbia anathera moyo wake wonse pa nkhani imeneyi. Mu 1980 anatulutsa ndandanda ya zizindikiro, ndipo mu 1991 anaikonzanso n'kukhala imene pano imadziwika kuti PCL-R.

Ndandandayi ili ndi mfundo 20. Pa mfundo iliyonse woyeza amapereka 0 ngati khalidwelo palibe, 1 ngati lilipo pang'ono, 2 ngati likuonekeratu, choncho malikisi onse amathera pa 40. Ku America ndi ku Canada munthu amatchedwa psychopath akafika pa 30, pomwe ku Britain ndi maiko ena a ku Ulaya ambiri amadulira pa 25. Mfundozo zina zimakhudza mmene munthu amachitira ndi anzake: kunyengerera, kudzimva, kunama popanda chifukwa, kugwiritsa ntchito anthu ngati zipangizo. Zina zimakhudza mtima: kusamva chisoni, kusadziimba mlandu, kukankhira ena cholakwa chilichonse. Zotsalazo ndi za kakhalidwe: kutopa msanga ndi chilichonse, kudyera ena masuku pamutu, kuchita zinthu mosaganizira mawa, kupalamula kuyambira ali mwana. Woyeza sadalira zonena za munthuyo, popeza kunama ndiye luso lake. Amacheza naye maola angapo, kenako n'kuyerekezera ndi mafailo a kupolisi, kundende, kusukulu ndi kuntchito.

Akatswiri ambiri amati anthu otere ndi pafupifupi mmodzi pa anthu 100 alionse, ndipo amuna ndiwo ambiri kuposa akazi. M'ndende za ku North America chiwerengerocho chimakwera kufika pa 15 mpaka 25 pa akaidi 100 alionse. Tanthauzo lake n'lakuti akaidi ambiri si ma psychopath. Wakuba chifukwa cha njala, womenya mnzake ataledzera, wopha chifukwa cha nsanje kenako n'kulira usiku wonse m'chitolokosi, onsewa chikumbumtima ali nacho, anangochigonjetsa kwa kanthawi.

Thukuta la m'manja

Kuti timvetse chimene chimasowa mwa anthuwa, tiyambe taganiza mmene mwana wamba amaphunzirira kusiya choipa. Akatsina mnzake, mnzakeyo amalira, ndipo kulirako kumamulasa mumtima iye yemwe. Amayi ake akamukalipira amachita manyazi. Tsiku lina akafuna kutsinanso, thupi limamukumbutsa asanaganize n'komwe: mtima umagunda, m'manja mumachita chinyezi, dzanja limabwerera. Chikumbumtima chimamangidwa pa timantha ting'onoting'ono totere tambirimbiri.

Mu 1957 David Lykken wa ku Minnesota anayesa zimenezi pa akaidi. Ankaliza kabelu, kenako n'kumugwiritsa munthu shoko yamagetsi yowawa koma yosavulaza, uku akuyeza thukuta la m'manja ndi makina. Munthu wamba akamva kabeluko kangapo, m'manja mumayamba kunyowa shoko isanafike. Kwa ma psychopath makina ankangosuntha pang'ono. Hare anachita zofanana m'zaka za m'ma 1960: munthu ankaona manambala akubwera motsatizana kuchoka pa 1 mpaka 12, atauzidwiratu kuti shoko ibwera pa 8. Ena onse thukuta linkayamba manambala akadali kutali. Ma psychopath ankadikira phee mpaka 8 atayandikira. Ululu ankaumva ukafika, koma ululu wa kutsogolo sunkawaopsa.

Lykken anawapatsanso masewera ena osankha zogwirira zinayi, china mwa izo chopereka shoko ukachikhudza molakwika. Njira yolondola ma psychopath anaiphunzira msanga ngati wina aliyense, koma kupewa chogwirira cha shoko sanakuphunzire. Mu 1970 wofufuza wina, Frank Schmauk, anasintha chilango: m'malo mwa shoko, wolakwitsa ankalandidwa ndalama zimene anamupatsa poyamba. Apa ma psychopath anaphunzira bwinobwino. Mfundo imeneyi tiisunge, tiifunanso kutsogoloku.

Joseph Newman wa pa yunivesite ya Wisconsin anaonjezera china mu 1987 ndi masewera a makadi 100. Khadi lina linkapatsa ndalama, lina linkalanda, ndipo wosewera anali ndi ufulu wosiya nthawi iliyonse. Poyamba makadi 9 pa 10 alionse anali opatsa, koma mwayiwo unkatsika pang'onopang'ono mpaka kutheratu. Akaidi wamba ankazindikira kuti zinthu zatembenuka n'kusiya ndalama zikadali m'manja. Ma psychopath ankapitiriza mpaka kutsala pang'ono kumaliza mpukutu wonse, n'kuluza zambiri zimene anapata. Koma Newman atawakakamiza kudikira masekondi 5 asanatenge khadi lina, uku akuona mndandanda wa makadi amene adutsa, kusiyana kuja kunatha. Maso awo akalunjika pa chimene akufuna, chenjezo lililonse la m'mbali salimva, pokhapokha wina awaimitse.

Nanga misozi ya ena? James Blair, wofufuza wa ku Britain, anapeza kuti ana ndi akulu a khalidweli amavutika kuzindikira nkhope ya munthu wamantha kapena mawu a munthu amene akunjenjemera, pomwe nkhope yachimwemwe amaizindikira mosavuta. Iye analoza kachigawo kakang'ono ka mkati mwa ubongo kotchedwa amygdala, kamene kamagwira ntchito yophunzitsa thupi kuopa, komanso mbali ya ubongo ya kuseri kwa chipumi imene imathandiza posankha zochita. Kent Kiehl anafika poika makina ojambulira ubongo m'chilole n'kumayenda nawo m'ndende za ku New Mexico, ndipo atajambula akaidi ambirimbiri anapeza kuti, powatenga monga gulu, a malikisi okwera zigawo zimenezi zimakhala zochepa mphamvu. Chithunzi cha munthu mmodzi pachokha sichingakuuzeni kuti uyu ndi psychopath.

Kafukufuku amene amandichititsa nthumanzi kwambiri ndi wa ku Netherlands wa mu 2013. Harma Meffert, Christian Keysers ndi anzawo anaonetsa akaidi a khalidweli mavidiyo a dzanja likusisitidwa kapena kumenyedwa. Ubongo wawo sunagwedezeke kwenikweni. Atawapempha kuti ayese kumva zimene mwini dzanjalo akumva, ubongo unayaka pafupifupi ngati wa anthu ena onse. Ndiye kuti kulowa mumtima mwa mnzawo amatha, koma sikubwera kokha ngati mmene kumachitira kwa ife. Amakuyatsa akafuna. N'chifukwa chake munthu yemweyo amadziwa mawu enieni okhazika mtima pansi mayi wosowa ntchito, ola limodzi pambuyo pake kulira kwa mayiyo osamugwira mtima.

Kubadwa nako kapena kuleredwa nako?

Makolo a mwana wotere amafunsa funso limodzi: tinalakwitsa pati? Yankho lake silokomera mbali imodzi.

Mu 2005 Essi Viding wa ku London anafufuza mapasa a zaka 7 oposa mapeya 3,600. Mapasa a dzira limodzi amafanana chibadwa chonse, pomwe a mazira awiri amafanana theka, ngati abale ena onse, ngakhale onse akuleredwa m'nyumba imodzi. Poyerekezera magulu awiriwa munthu amatha kuona mphamvu ya chibadwa. Viding anapeza kuti kuuma mtima ndi kusamva chisoni mwa ana kumatsata kwambiri magazi: pafupifupi magawo awiri mwa atatu a kusiyana kwa anawo kunkachokera ku chibadwa. Anapezanso kuti ana osamvera ali mitundu iwiri. Kusamvera kwa ana ouma mtima kunali kwakumtundu kwambiri, pomwe kwa ana ovuta koma a mtima womva chisoni kunkachokera makamaka ku zimene akukumana nazo pakhomo ndi kunja.

Wina angamve ngati nkhani yathera pomwepo, koma ayi. Mu 2016 Luke Hyde ndi anzake ku America anatulutsa zotsatira za mabanja 561 olera ana amene anatengedwa kwa amayi awo owabereka atangobadwa. Ana amene amayi awo owabereka anali ndi mbiri ya khalidwe loswa malamulo ankaonetsa zizindikiro za kuuma mtima asanakwane zaka zitatu, ngakhale amayiwo sanawalereko. Koma kumene mayi wolera anali woyamikira mwana akachita bwino, womulimbikitsa mwachikondi, mphamvu ya magazi ija inkachepa kwambiri. Chibadwa chimapereka mwana wosaopa ndi wosagwidwa msanga ndi chisoni. Chimene mwanayo adzakhale chimadaliranso manja amene amulandira.

Nkhani ya James Fallon imatchulidwa kawirikawiri pamfundoyi. Iye anali katswiri wa ubongo pa yunivesite ya California ku Irvine, ndipo ankaunika zithunzi za ubongo wa anthu opha anzawo. Tsiku lina, akuyang'ana zithunzi za a m'banja mwake pa kafukufuku wina wosakhudzana ndi zimenezi, anapeza chimodzi chofanana ndi za zigawenga zija. Atafufuza mwini wake anapeza kuti ndi iye yemwe. Mkazi wake ndi anzake sanadabwe kwenikweni, ankamudziwa kuti ndi munthu wokonda zoika moyo pachiswe ndiponso wosalabadira za mumtima mwa ena. Koma sanaphe munthu, sanalowe m'ndende, ndipo m'buku lake la mu 2013, The Psychopath Inside, anathokoza makolo ake amene anamulera mwachikondi. Umboni wa munthu mmodzi wodzifotokoza yekha si sayansi, komabe ukugwirizana ndi zimene mabanja 561 aja anaonetsa.

Palinso njira zina zofikira kukhalidweli. Kale mu 1941 Benjamin Karpman anasiyanitsa obadwa ouma mtima ndi ena amene mtima unauma chifukwa cha kuzunzidwa. Mwana womenyedwa tsiku ndi tsiku, wosiyidwa ndi njala, wopatsirana kuchoka kwa wachibale uyu kupita kwa uyo popanda womukonda, amatha kuphunzira kutseka mtima kuti apulumuke. Kunja amaoneka ngati woyamba uja, koma mkati muli mantha ndi mkwiyo wosaneneka. Kuvulala kwa ubongo nako kumatha kusintha munthu. Pa 13 September 1848, Phineas Gage, kapitawo wa anthu okonza njanji ku Vermont, anaphulikiridwa ndi onga, ndipo chitsulo chachitali chinalowa patsaya n'kutulukira pamwamba pa mutu. Anapulumuka, koma dokotala wake John Harlow analemba kuti munthu wodalirika uja anasanduka wotukwana ndi wosakhazikika, ngakhale pambuyo pake anakhazikikanso mpaka kukagwira ntchito yoyendetsa ngolo za mahatchi ku Chile. Mu 1999 Steven Anderson, Antonio Damasio ndi anzawo anafotokoza za achinyamata awiri amene anavulala mbali ya kutsogolo ya ubongo akadali makanda. Onse anakulira m'mabanja abwino, abale awo anali bwinobwino, koma iwo anakula akunama, akuba, osamva chilango, osadziimba mlandu.

Ena amaganiza kuti awa ndi matenda a azungu, obwera ndi moyo wa m'mizinda. Jane Murphy, katswiri wa chikhalidwe cha anthu, anaonetsa mu 1976 kuti si choncho. Iye anakhala pakati pa Ayupik a pachilumba cha St. Lawrence kufupi ndi Alaska, komanso pakati pa Ayoruba a kumidzi ku Nigeria. Mitundu yonse iwiri inali ndi dzina la munthu wonama, wakuba, wosamva za ena, wobwereza cholakwa ngakhale akulu amulange kangati. Yonse iwiri inkamusiyanitsa ndi wamisala, ndipo asing'anga awo sankamutenga ngati munthu woti n'kuchizika. Murphy atafunsa Myupik wina kuti kale ankatani naye munthu wotere, anamuyankha kuti wina akanamukankhira m'nyanja kuchoka pa madzi oundana popanda woona.

Kuwononga kwake

Ngakhale ndi ochepa, gawo lawo pa milandu yoopsa ndi lalikulu, ndipo kapalamulidwe kawo n'kosiyana. Mu 2002 Michael Woodworth ndi Stephen Porter anaunika milandu ya akaidi 125 opha anthu ku Canada. Mwa opha amene sanali ma psychopath, pafupifupi theka anapha atakonzekera kapena pofuna phindu, enawo anapha chifukwa cha mkwiyo wa nthawi yomweyo. Mwa ma psychopath, oposa 90 pa 100 alionse anapha mtima uli zii, pofuna ndalama, kugonana kapena kuchotsa munthu amene akuwatsekereza njira. Akatuluka m'ndende amapalamulanso msanga ndiponso kawirikawiri kuposa akaidi ena. Chopweteka n'chakuti ndi iwonso amene amatuluka msanga. Porter ndi anzake anapeza mu 2009 kuti mwayi wawo wotulutsidwa nthawi isanakwane unali woposa kuwirikiza kawiri wa akaidi ena. Pamaso pa komiti, mkaidi wolapadi amachita chibwibwi ndi manyazi, pomwe uyu amalankhula za kusinthika kwake momveka bwino, mwinanso ndi vesi pakamwa. Kiehl ndi woweruza wina, Morris Hoffman, anawerengera mu 2011 kuti milandu ya anthu oterewa imadyera dziko la America ndalama pafupifupi madola 460 biliyoni pachaka.

Kukhoti khalidweli silipulumutsa munthu. Lamulo la M'Naghten, lochokera ku England mu 1843, limene linalowa m'malamulo a maiko ambiri olamulidwa kale ndi Britain kuphatikizapo Malawi ndi Zambia, limamasula wamisala pokhapokha ngati sankadziwa chimene akuchita kapena sankadziwa kuti n'cholakwa. Psychopath amadziwa zonse ziwiri. Mukamufunsa ngati kuba n'koipa akuyankhani bwino kuposa mphunzitsi wa Sande sukulu.

Koma kuwononga kochuluka sikufika n'kukhoti komwe. Mu 2010 Paul Babiak, Craig Neumann ndi Hare anayeza mabwana ndi ogwira ntchito 203 a m'makampani a ku America amene ankakonzekeretsedwa maudindo akuluakulu. Pafupifupi 4 pa 100 alionse anafika pa malikisi 30. Akuluakulu awo ankawayamikira kuti ndi odziwa kulankhula ndi anzeru zatsopano, pomwe pa kagwiridwe kenikeni ka ntchito ndi kugwirizana ndi anzawo malikisi awo anali otsika. Ankakwera ndi pakamwa. Gulu la anthu 203 ndi laling'ono, ndipo amene amatengera pamenepa n'kumati bwana aliyense ndi psychopath akukokomeza. Chimene kafukufukuyu akuonetsa n'chakuti pamalo pamene anthu amaweruzidwa ndi maonekedwe a tsiku limodzi, monga pa intavyu, munthu wotere amapambana.

Kunyumba ndiye kumene kuli mabala osawerengeka. Mkazi amene anakwatiwa ndi mwamuna wokoma ngati wotsika kumwamba, n'kudzazindikira kuti ngongole zonse zili m'dzina lake. Ana amwazikana m'nyumba zinayi, palibe ndi mmodzi yemwe amene bambo ake akumulipirira fizi. Makolo okalamba amene anagulitsa munda kuti amuombole kachitatu. Anthu otere akamafotokoza, chimene chimawapweteka kwambiri si ndalama. Amadziona opusa, ndipo amasiya kukhulupirira ngakhale anthu abwino. Apa ndi pamene mudzi wonse umaluza, chifukwa kubwerekana, kusungirana katundu, kulandira mlendo, zonsezi zimayenda poti ambirife timachita manyazi kupusitsa wotikhulupirira. Linda Mealey anapereka ganizo mu 1995 lakuti mwina n'chifukwa chake khalidweli silitha padziko komanso silichuluka: wachinyengo amadya bwino pokhapokha oona mtima akakhala ambiri. Kumudzi, kumene aliyense amadziwa agogo ako, bodza limakupeza msanga. M'tauni yaikulu, kapena pa intaneti, munthu amangosintha dera, nambala ya foni ndi dzina, n'kupeza anthu atsopano osamudziwa.

Pano mawu akuti psychopath afala, ndipo anthu amangowaponyera mwamuna amene anawasiya, bwana wovuta kapena wandale amene samukonda. Kumeneko n'kuseweretsa mpeni wakuthwa. Ngakhale akatswiri enieni amaphonya: Daniel Murrie ndi Marcus Boccaccini anaonetsa ku America kuti mkaidi mmodzi yemweyo amapatsidwa malikisi okwera ndi katswiri wolembedwa ndi oimira boma, ndi otsika ndi katswiri wolembedwa ndi omuimira iyeyo. Dzinali likamata munthu, woweruza amamuona ngati wosatheka, ndipo m'zigawo zina za America latchulidwapo pa milandu ya chilango cha imfa. Kwa ana madokotala amalipewa dala. Buku la matenda a maganizo la DSM-5, la mu 2013, limangonena za mwana wa khalidwe lovuta amene chisoni ndi kudziimba mlandu zili zochepa, chifukwa ana ambiri otere amasintha akamakula.

Zimene zinalephera ndi zimene zikuthandiza

Kwa zaka zambiri akatswiri ankati anthuwa sachizika, ndipo ankaloza ku Oak Ridge, chipatala cha akaidi odwala maganizo ku Penetanguishene m'chigawo cha Ontario. Kumeneko, m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, dokotala wina dzina lake Elliott Barker ankatsekera amuna m'kachipinda kopanda mawindo, ali maliseche, kwa masiku angapo, akuyamwa chakudya m'timapaipi todzera kukhoma, ena atapatsidwa mankhwala ozunguza bongo a LSD, poganiza kuti akaululirana zakukhosi mitima yawo idzafewa. Mu 1992 Marnie Rice, Grant Harris ndi Catherine Cormier analondola amene anatuluka. Mwa ma psychopath amene anadutsa m'chithandizocho, 77 pa 100 alionse anapalamulanso milandu yachiwawa, poyerekeza ndi 55 mwa amene anangokhala kundende wamba. Anthu anamva kuti chithandizo chimawaonjezera ukatswiri wopusitsa. Mwina n'zoona, koma zimene zinkachitika ku Oak Ridge n'zovuta kuzitcha chithandizo, ndipo mu 2020 khoti la ku Ontario linapeza madokotala awiri ndi boma la chigawocho olakwa pa zimene anachitira anthuwo.

Njira ina inayesedwa ku Mendota Juvenile Treatment Center mumzinda wa Madison ku Wisconsin, malo amene anatsegulidwa mu 1995. Kumeneko amalandira anyamata amene ndende zina za ana zawalephera, omenya alonda, osamva chilango chilichonse. Michael Caldwell ndi Gregory Van Rybroek, akatswiri a maganizo amene anayambitsa ntchitoyi, anaona kuti mnyamata wotere ukamulanga amabwezera, ukaonjeza chilango iyenso amaonjeza, mpaka moyo wake wonse umangokhala nkhondo ndi akuluakulu. Anasankha kusiya mpikisanowo. Mnyamata akalavulira wantchito kapena kuswa zinthu amaletsedwa ndithu, koma chilango chimakhala chachifupi, ndipo wantchito yemweyo amabweranso kudzacheza naye. Tsiku lililonse khalidwe lake limapatsidwa malikisi, ndipo malikisi a lero amagula zabwino za mawa: switi, kugona mochedwerapo, nthawi yosewera magemu a pakompyuta. Akalakwitsa amatsika, koma mawa lake lomwelo akhoza kuyambanso kukwera. Apa ndi pamene zija anapeza Schmauk ndi Newman zikugwira ntchito: munthu amene shoko simuphunzitsa amaphunzira msanga pakakhala phindu looneka ndi maso, lobwera posachedwa, ndiponso pakakhala womuimitsa kuti aone kaye.

Ogwira ntchito kumeneko sanena kuti amaika chikumbumtima mwa mnyamata amene analibe. Cholinga chawo n'chochepa: kuti aone yekha kuti kutsata malamulo kumamupindulira kuposa kuwaswa. Caldwell ndi Van Rybroek analondola anyamata 248 kwa zaka zingapo atatuluka, 101 odutsa ku Mendota ndi 147 ochokera kundende wamba za ana. A ku Mendota ambiri anapalamulabe milandu ing'onoing'ono, koma milandu yachiwawa inali yochepa kwambiri. Pa nthawi imene ankawalondolayo, a gulu la kundende wamba anapha anthu 16, pomwe a ku Mendota sanaphe ndi mmodzi yemwe. Kusunga mnyamata kumeneko n'kodula kuposa kundende wamba, chifukwa pamafunika antchito ambiri ophunzitsidwa bwino, koma atawerengera mu 2006 anapeza kuti dola iliyonse yoonjezerayo inkapulumutsa pafupifupi madola 7 amene akanathera kupolisi, kumakhoti, kundende ndi kwa anthu ovulazidwa.